Mabvuto, ndakupeza pa mlatho

Mabvuto, ndati ndikulembere. Sabata yonse anyamata pa gulu lathu la pa foni akhala akukangana za gemu yatsopano yolowa m'malo mwa yathu ija anaitseka. Aitulutsa isanathe bwino kuti anthu aiyese. Tisaine, mtsogoleri wathu uja, akuti tisadzivute, sizingafanane ndi zakale. Ine ndinati ndiyambe ndaona ndekha. Masana ano ndili mu shopu kuno ku Katete, ndalowa ndi dzina langa lakale. Palibe anandiuza kuti anthu amene tinkasewera nawo ngati ife mu gemu yakale anawasamutsira momwemo. Ndangofika pa mlatho wa mu gemumo, ndi uyo sing'anga amene unkasewera naye uja, wa mkanjo wobiriwira, ndodo m'manja, dzina lako pamutu. Foni yandipulumuka, yagwa pansi.

Ukukumbukira mmene unkakwerera pa chulu kumunda kwanu ku Vubwi, poti pansi foni inkangogwira netiweki ya ku Mozambique? Tsiku lija chilombo cha mu gemu chinatsala pang'ono kutimaliza tonse, iwe uli pa chulu, mvula ikukuvumba, koma osasiya kutichiritsa. Kenako unalemba kuti, "Anyamata, netiweki ikuthawa. Ndidikireni pa mlatho, ndikubwera." Tinadikira tikukuseka. Gemu anaitseka usanalowenso, ndipo chaka chatha ngozi ya njinga yamoto inatenga moyo wako.

Tisaine wandifunsa ngati gemuyi ndi yabwino. Sindikudziwa, mnzanga, sindinapite kulikonse. Ndikadali pa mlatho pambali pako.