A Sipeya ndi Lole Yodikira

Pakampani ina yogulitsa anapiye panalibe amene ankakumbukira dzina lawo lenileni. Aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka amayi osesa, ankangoti a Sipeya, ndipo iwo ankayankha osanyinyirika. Ntchito yawo inali kudikira. M'mawa uliwonse ankafika atavala ovololo yochapa bwino, n'kupukuta galasi la lole yaing'ono imene inkaima pansi pa shedi, kenako n'kukhala pabenchi. Madalaivala ena ankatuluka ndi makatoni a anapiye kupita kwa alimi, iwo n'kutsala akuwakwezera dzanja.

Anayambitsa zimenezi ndi malemu mwini kampani, ndipo nzeruyi anaipeza akulira. Chaka china lole yake imodzi yokhayo inafera panjira dzuwa lili paliwombo. Injini itazima, mafani opemerera mphepo kumbuyo anazimanso, anapiye onse n'kufera m'makatoni ndi kutentha. Mdalayo analumbira kuti pamalo pake pazikhala lole imodzi yopanda ulendo ndi dalaivala mmodzi wopanda ulendo, oti azithamanga kukapulumutsa mnzawo zikavuta. Anasankha a Sipeya chifukwa sankamwa mowa komanso sankatopa ndi kukhala malo amodzi.

Zaka zoyambirira lole ija inapulumutsadi kampani kangapo. Mdala akamva kuti kudera lakutilakuti anthu ayamba kuweta nkhuku, ankatumanso a Sipeya kukayesa msika popanda kusokoneza maulendo a ena, ndipo makasitomala ambiri akuluakulu anapezeka motero. Koma kenako kunabwera malole atsopano osafa chisawawa, mdala anayamba kudwaladwala, ndipo kudikira kuja kunasanduka kungokhala. Mimba ya a Sipeya inatsogola, benchi inasalala.

Tsono pamalo osungira magalimoto, galimoto yoima imasanduka sitolo. Makaniko wa kampani, munthu wa pakamwa pokoma, ndiye anayamba.

"Achimwene, tibwerekeniko batire lanulo, Lolemba tibweza."

Kunabwera wina kudzabwereka tayala limodzi la kumbuyo, wina lamba wa injini, wina kudzapopa dizilo pang'ono kuti angokafika pomwetsera mafuta. A Sipeya ankadziwa kuti n'kulakwa. Koma munthu amene anzake amamuseka tsiku ndi tsiku kuti amadya zaulere amakhala ndi njala ya mawu oti zikomo, ndipo mawu amenewo ankawamva pokhapokha akabwereketsa chinthu. Galasi ankapukutabe, moti kunja lole ija inkawala kuposa zonse.

Mdala atamwalira, kampani inatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi, amene antchito ankamutchula kuti Bwana Wamng'ono. Sanali munthu wankhanza, koma chakudya cha nkhuku chinali chitakwera mtengo ndipo iye ankayang'ana paliponse pamene pakudontha. Tsiku lina anaima pashedi paja.

"Bambo, inu munandinyamulapo ndili khanda, ndiye sindikubisirani. Lole iyi inayenda liti komaliza?"

"Mayi, ubwino wake ndi womwewo, wosayenda. Ikayenda ndiye kuti kwaipa."

Bwana Wamng'ono sanaseke. Anati pali munthu amene akufuna kuigula, ndipo iye monga bwana agamula mwezi ukatha. A Sipeya anamvetsa tanthauzo lake. Lole ikapita ndiye kuti nawonso apita, ndipo ndani angalembe ntchito dalaivala wa imvi amene waiwala ndi misewu yomwe? Kunyumba kunali akazi awo ndi adzukulu amasiye oyang'ana m'manja mwawo. Anayamba kulondola katundu wawo mwakachetechete, koma aliyense ankawagwira paphewa n'kuwauza kuti Lolemba.

Mwezi usanathe, tsiku lina lotentha moti phula linkamata kunsapato, Bwana Wamng'ono anatuluka mu ofesi akuthamanga, foni ili kukhutu. Lole yaikulu inali itafa pamtunda wina wopanda mtengo ndi umodzi womwe, itadzaza anapiye a kasitomala wawo wamkulu. Dalaivala wake, amene ankamutcha Wamagalasi, ankachita kukuwa moti mawu ake ankamveka pashedi ponse.

"Mafani azima! Ndatsegula zitseko koma kulibe kamphepo, anapiye ayamba kuyasamula!"

"A Sipeya akubwera," anatero Bwana Wamng'ono, n'kutembenuka. "Bambo, tsiku lanu lija ndi lino. Lizani, ndikwera nanu."

A Sipeya anakwera. Analowetsa kiyi n'kupotokola, ngakhale ankadziwa bwino lomwe chimene chichitike. Kunali zii. Anapotokolanso, thukuta likutsika m'khosi.

"Yatani?"

"Batire, mayi."

"Latha mphamvu?"

"Mulibemo."

Bwana Wamng'ono anazungulira lole ija pang'onopang'ono. Anaona mpata pamene pankayenera kukhala tayala lachiwiri la kumbuyo. Anagogoda thanki ya mafuta, ndipo inalira ngati chidebe chopanda kanthu. Makaniko anali atafika, ataima chapatali akupukuta manja oyera kale.

"Titha kuchotsa batire la jenereta, bwana," anatero makaniko uja ndi mawu aang'ono.

"Ndiye magetsi akazima, mazira ali m'makinawo aswe ndi chiyani? Jenereta musaikhudze. Chotsani la galimoto yanga. Lamba wa injini alipo?"

Makaniko anathamangira kumulu wa zotayidwa n'kubwera ndi lamba wakale wong'aluka m'mbali. Mlonda anabwera ndi chigubu cha dizilo. A Sipeya anagwada pansi kuthandiza kumanga, koma zala zawo zinali zitaiwala ntchito, sipanala inkangowapulumuka. Foni inkalira, kusiya, kuliranso. Nthawi iliyonse Bwana Wamng'ono ankayankha kuti tanyamuka, maso ali pa iwo.

Injini itatsokomola n'kulira, anatuluka pageti opanda tayala lija. A Sipeya anayendetsa mtima uli m'mwamba, khutu lili kwa lamba amene ankalira tswii pokwera mtunda uliwonse. Kuthamanga kwambiri kukanamudula, kuyenda pang'onopang'ono kukanapha anapiye. Pamphambano ina anaima kakasi, chifukwa msewu umene ankaudziwa unali utatsekedwa kalekale, ndipo amene anawalozera njira yatsopano ndi Bwana Wamng'ono.

Anamupeza Wamagalasi atavula malaya, akupemerera makatoni ndi chikatoni chophwasula. Lole ya anapiye imadziwika ndi phokoso munthu akadali patali, koma iyi inkangomveka tswiyotswiyo apo ndi apo. Onse atatu anasamutsa makatoni aja osayang'ana m'kati mwake, Bwana Wamng'ono atavula nsapato zake zazitali. Mafani a lole yaing'ono atayamba kuzungulira, phokoso linabwerera pang'ono, makamaka m'makatoni a m'mphepete. A pakati anali phee.

Kasitomala uja anali mayi wa mawu ochepa. Anatsegula katoni iliyonse yekha, amoyo mbali ino, akufa mbali iyo, ndipo mbali ya akufa inkangokula. Pomaliza anati alandira amoyowo, koma za ulendo wotsatira ayambe waganiza. A Sipeya anaima kumbuyo kwa lole manja ali lende, manyazi atawagwira kuposa mantha.

Anabwerera kukampani dzuwa litapendeka, makatoni a anapiye akufa ali kumbuyo. Atazimitsa injini pansi pa shedi, Bwana Wamng'ono sanatsike msanga.

"Bambo anga sanalakwitse," anatero. "Pakanapanda lole iyi, lero sitikanapulumutsa ndi mmodzi yemwe. Sindigulitsanso."

A Sipeya anapuma mozama, misozi ili m'maso. "Zikomo, mayi. Mulungu akudalitseni."

"Musathokoze, sindinamalize. Lole ikhala, ndipo izilizidwa m'mawa uliwonse ine ndikumva. Koma woisunga akhala wina. Kampani yonse inkakulipirani kuti muzikana, bambo. Ntchito yanu inali imeneyo basi."

A Sipeya ankafuna kutchula makaniko, kutchula onse amene anabwereka osabweza, koma anadziletsa. Amenewo anali ndi malole awo ofunika kuyenda, ndipo anapempha poyera. Wovomera anali mmodzi.

"Ndamva, mayi," anatero.

Anapereka kiyi ndi manja awiri. Kenako anapempha kuti asanapite ayambe atsitsa makatoni aja n'kukakwirira anapiyewo kuseri kwa mpanda, poti ena onse ankangoyang'ana kumbali. Palibe anawaletsa.