Ndinaopa Singano ya Pachala

Nditaona singano ija, ndinachita mantha. Zoona zake ndi zimenezo, ndipo sindinauzepo munthu.

Chinali chaka chotsatira ufulu. Ofufuza matenda a kaodzera anafika kwathu ku Lupande kudzayeza anthu. Wobaya zala anali namwino wophunzira, mtsikana wochokera kumtunda. Ankangotenga kadontho ka magazi n'kupaka pagalasi kuti akaonemo tizilombo. Ine ndinali pamzere ndi amalume, amene masiku amenewo ankangodandaula mutu.

"Achimwene, bweretsani chala," anatero mtsikanayo. "Kapena mukuopa? Ana adutsawa sanalire."

Amayi ena amene anali pamzerepo anaseka. Ine, amene ndinasiya sukulu nditakankha mphunzitsi, kundiseka pagulu? Mtima unandiwira.

"Ndiope chiyani? Azungu apita, koma inu magazi athu mukutengabe. Ndinu anamapopa inu."

Za anamapopazo ngakhale ineyo sindinkazikhulupirira. Ndinkangofuna chifukwa chobisira dzanja m'thumba. Koma anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mtsikana uja n'kutsala atagwira singano, misozi ikulengeza.

Amalume anandigwira paphewa. "Wanena zoona, mphwanga. Tiye kunyumba."

Amalumewo ndiwo anali otsatira pamzere.

Lero amagona mbatata ili m'kamwa. Kuchipatala anati tinachedwa, matenda anafika kale kumutu. Akadzidzimuka n'kupeza alendo pakhonde, amandiloza monyadira: "Mwana uyu ndi wolimba mtima. Ndiye anatipulumutsa tsiku lija."

Alendowo amagwedeza mitu. Ine ndimangoyang'ana chala changa, chosalala, chopanda ndi kachipsera komwe.