Bowa wa ku Kaning'ina ndi Belu la ku Sukulu

Fungo la dothi lonyowa, ee, dothi la ku Kaning'ina mvula itagwa usiku wonse! Ndikalimva lero, miyendo yokalambayi imafuna kuthamanga. Dzinja limenelo ndinali mu Sitandade 3. M'mawa wanga unali umodzi, eni ake atatu.

Amama ankafuna madzi adzaze ndowa. Aphunzitsi ankandifuna pamzere belu lisanalire. Ndiye panali amayi Asiyatu a ku Mangochi, a kagolosale ku Zolozolo, amene ankadikira bowa amene ndinkazula kuthengo mbandakucha.

Onsewo sankandikhulupirira, ayi ndithu. Amama ankagwira diresi langa. Likakhala louma, ndiye kuti ndasewera panjira. Aphunzitsi ankayang'ana matope a m'miyendo n'kumati ndimazemba dala. Amayi Asiyatu ankatembenuza bowa mmodzimmodzi, diso lina pa bowa, diso lina pa ine. Nanenso ndinkawakayikira, ndinkati mwina amapangana.

Tsiku lina aphunzitsi anati ndikachedwanso, ndisabwerenso. Mawa lake ndinazula mothamanga, m'nkhungu yoyera ija ya Mzuzu, manja atauma ndi kuzizira. Zula ponya, zula ponya, osayang'ana kunsi kwa bowa, ngakhale amama anandiphunzitsa kutero. Ndinapeza amayi Asiyatu ali ndi khanda lolira, ndipo tsiku lokhalo sanatembenuze kanthu.

"Wasankha, mwanangu? Ndiwaphikire anawa."

Ndinavomera, n'kuthawa. Ndinafika mpaka poona denga la sukulu, anzanga akuthamangira pamzere. Ndinakumbukira ana aja. Ndinatembenuka, n'kubwerera kwa amayi Asiyatu.

Tinakhuthulira bowa pansi pakhonde. Pakati pa bowa wabwino wa utale panatuluka awiri achilendo, otuwa, okongola chomene, aja amene ngakhale mbuzi imawalambalala. Belu linalira ndili chogwada. Amayiwo sanati yewo, zikomo wakwathu uja. Anangondifunsa ngati masiku onsewa ndinkasankhadi.

Kusukulu sindinapitenso, manyazi, mantha, kenaka amama anapeza ntchito zina za manja angawa.

Nthawi imeneyo ndinkati ndaluza konsekonse: sukulu yapita, amayi Asiyatu akundikayikirabe, amama akalipa. Lero dzina langa ndimalemba lokhotakhota, adzukulu n'kumaseka, ine n'kuseka nawo. Koma mumsika muli bambo wina wa imvi wogulitsa nsalu, mmodzi wa ana aja a amayi Asiyatu. Sadziwa kanthu. Amangodabwa kuti gogo uyu akamuona amavina bwanji.