Ntchito ya Fanuwelo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kunali kudzuka, poti tulo ta pasiwa n'tongowodzera chotsamira khoma. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Panja panali nkhungu yathu ya ku Mlangeni, ija yonyowetsa chitenje popanda mvula. Amuna anali atazungulira chikuni cha moto, ndipo adzukulu anali kutolera makasu kuti alawirire kumanda.

M'bokosi munagona mlongo wanga Fanuwelo. Chimwalirireni amuna anga tinkakhala awiriwiri m'nyumba ino, ine ndi iye, ndi kagitala kake ka nsambo zinayi kotchedwa yukulele, komwe msuweni wathu anam'bweretsera kuchokera ku Joni. Nyimbo sankapeka yekha. Ankazitola pawailesi, koma ankasankha zokhazo zonena za ntchito za anthu: ya dalaivala, ya telala, ya namwino, ya munthu wa kumigodi. Tsiku la msika ankakhala pakhonde la chigayo n'kumaimbira aliyense nyimbo ya ntchito yake. Pomwe mawu sanagwirizane ndi kuno ankawakhotetsa, mpaka dalaivala wa lole n'kusanduka wakabaza.

Kutayamba kuyera, amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Iwo ndi amene anayenera kunena mbiri ya malemu pamaso pa anthu.

"Nangozo, pa ntchito paja tinene chiyani?"

"Munene kuti anali woimba, amalume."

"Kuimba pachigayo n'kukhala ntchito? Pabwera anthu aulemu wawo pano. Tinena kuti anali mlimi."

Fanuwelo mlimi! Munthu amene khasu ankaliona ngati njoka. Mbatata zonse za kudimba ndinkalima ndine, iye ali pamthunzi kundiimbira nyimbo ya mlimi, ine ndikumunena kuti ndi mlesi wotheratu. Komabe zinandipweteka. Ndinaopa kuti alowa m'manda ndi ntchito yabodza, chinthu chimodzi chimene ankachidziwa osatchulidwa n'komwe. Koma pamaliro mkazi sakangana ndi mwini mbumba. Ndinabwerera m'nyumba.

Dzuwa linakana kutuluka. Kuseri kwa nyumba utsi wa nkhuni zaziwisi unkaliza ngakhale amene sanam'dziwe malemu. Amayi ankadula kabichi, ena akutsuka nyemba ndi manja ouma ndi chisanu. Ine ndinali pamphasa pakati pa anthu odzaza chipinda, koma panalibe woti ndim'nong'oneze zimene zinali mumtima. Amene ndinkamuuza zoterezi ndi yemwe anali m'bokosiyo.

Anthu anayamba kufika. Ndinkawaonera pazenera. Akabaza anatsika njinga pamasamba amene tinaika pamsewu, n'kubwera akuzikankha, zipewa zili m'manja. Anabwera amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, telala wina wotsimphina, ndi bambo wa pachigayo ufa udakali m'nsidze. Namwino wina anachokera ku Ntcheu boma asanavule n'komwe yunifolomu. Sindinkadziwa kuti Fanuwelo anali ndi anthu ochuluka chotere.

Masana tinatulutsa bokosi pabwalo. Amalume anaimirira, nakonza jekete, nanena za kubadwa kwake, ubatizo wake ndi matenda a pachifuwa amene anam'tenga. Kenako anati, "Malemuwa anali mlimi." Kumbuyo, kumene kunaima akabaza, wina anatsokomola. Ena anayang'anizana. Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo amene anali pafupi anayesa ndikulira imfa, pomwe ndinkalira bodzalo.

Tinauyamba ulendo wa kumanda kukuwaza. Kwaya inali patsogolo, ife amayi pambuyo pa bokosi. Titafika potsetsereka, kwaya itapuma kaye, ndinamva belu la njinga kumbuyo. Linalira kawiri, n'kudukiza, n'kuliranso. Lina linayankha. Posakhalitsa mabelu onse anagwirizana, ndipo ndinaizindikira nyimboyo: inali ija ya dalaivala wosanduka wakabaza, mmene Fanuwelo ankaikhwatchira ndi chala. Palibe anaimba mawu. Mkulu wa mpingo anacheuka, nayang'ana, napitiriza kuyenda. Amalume anayenda maso ali kutsogolo ngati sakumva. Mabelu anatiperekeza mpaka pamitengo ya kumanda, pomwe anangoti zii.

Zotsalazo zinayenda monga zimayendera. Adzukulu anakwirira, tinaika nkhata, abusa anapemphera. Anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kutsanzika. Aliyense anali ndi kothamangira: wina kukatsegula chigayo, wina kukapeza okwera kusanade, wina kukalowa ntchito ya usiku kuchipatala.

Pofika madzulo panatsala phulusa pabwalo ndi achibale ochepa amene anapita kukapuma kwa amalume, atalonjeza kubweranso kukada. Ndinasesa chipinda. Nthawi ngati imeneyo Fanuwelo ankakhala pakhomo akukunga nsambo, ine ndikumukalipira kuti akusokosa. Tsiku limenelo ndinamva ngakhale nkhuku zikukwera m'khola.

Yukulele inali pamsomali pake. Ndinaitsitsa, n'kuiika pamiyendo. Zaka zonsezi sindinam'pemphepo kuti andiphunzitse, ndipo zala zanga n'zakhasu. Ndinakhudza nsambo imodzi, inalira pang'ono n'kuleka.

"Malemuwa anali woimba," ndinatero mokweza, monga amanenera pabwalo.

M'nyumba munalibe wonditsutsa. Munalibenso wondivomereza.