Mitundu Itatu Pakhoma la ku Rugare

Ndinapaka zigamba zitatu za penti pambali pa banga limene linali pakhoma: mtundu wa khofi, wa chiwindi, ndi wa makala. Penti asanaume, mitundu yonse imaoneka ngati umodzi. Mwini nyumba anaima kumbuyo kwanga, mpweya wake ukundifika m'khosi.

Kunali ku Rugare, m'chipinda chogona cha imodzi mwa nyumba zakale za anthu a njanji. Bamboyo anandipeza pa Machipisa, pomwe timadikirira maganyu. Anati akufuna mtundu woderapo, ndipo ntchito ithe lisanafike Lamulungu, poti alamu ake akubwera kuchokera ku Tafara kudzaona mlongo wawo.

Banga lija linali lalitali ngati mkono, timadontho titamwazika m'mbali. Anali atalikwecha ndi sopo, koma pulasitala anali atamwa kale. Bamboyo anati ndi magazi a nkhuku imene inapulumuka mpeni. Sindinafunse chomwe nkhuku inkafuna kuchipinda, kapena mmene inafikira msinkhu wa mutu wa munthu.

Mayi wa panyumbapo anabweretsa tiyi. Duku linatsika mpaka m'nsidze, mkono umodzi sunkatambasuka. Anaika kapu pansi, maso ali kukhoma.

Zigamba zitauma, kusiyana kunaoneka. Wa makala unadetsa chipinda ngati dzenje. Wa chiwindi unali wamafuta, umakwirira chilichonse kwa zaka. Wa khofi unali wamadzi. Tsiku loyamba umakongola kuposa inzake, koma ukaupaka pa banga lotere popanda andakoti, penti woyamba wapansi uja, pakapita masiku awiri kapena atatu limatulukanso, ngati thukuta pamalaya.

Bamboyo atatuluka kukayankha foni, mayiyo anandifunsa monong'ona kuti ndi uti umabisa kwambiri. Ndinaloza wa chiwindi. Anafunsa umene subisa. Ndinaloza wa khofi.

"Alongo anga ndi omanga nyumba, bambo," anatero. "Akalowa paliponse amayamba kuyang'ana makoma. Ine pakamwa sindingathe. Alendo akabwera, awa sachoka pambali panga."

Mwamunayo anabwerera akupukuta foni pa buluku.

"Amisiri, tasankhani inuyo. Akazi ukawafunsa mitundu, dzuwa limalowa."

Ndinati wa khofi ungagwirizane ndi makatani. Anaseka, nati n'zimene ankaganiza iyenso. Kenako anayang'ana mkazi wake nthawi yayitali, osaseka, mpaka mayiyo anatola kapu n'kutuluka.

Linali Lachinayi. Makoma atatu ndinawapaka kawiri. Pamalo aja ndinangodutsa kamodzi, mopyapyala, chitini cha andakoti chili m'chikwama. Zaka zonse za ntchito yanga sindinapakepo moipa dala, kupatula tsiku limenelo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti adzayamba kuliona bangalo ndani, mlamu kapena mwini nyumba.

Bamboyo anandiperekeza mpaka pageti. Mayiyo anali pazenera, katani litaphimba theka la nkhope.

"Silidzatulukanso, eti amisiri?" anafunsa bamboyo.

Ndinakulunga maburashi m'pepala, ndinakoleka chikwama paphewa, n'kulunjika kokwerera makombi.