Jekete Lonunkha Nsomba

Mdzukulu wanga, uja wa unamwino ku Romford, ndi amene wandikakamiza kuti nkhani ya mafutayi ndiilembe. Akuti watopa kuimvera pa foni.

Tinkakhala ku Peckham, kuno kwa azungu, chipinda cham'mwamba, zaka zija a m'migodi ya malasha ankanyanyala ntchito, magetsi n'kumazimazima. Ine mafuta okazingira sindinkataya. Akada, akayamba kafungo koipa, ndinkawasefa ndi kansalu n'kuthira m'mabotolo a jamu pansi pa sinki. Kudya ayi, amenewo ndi matenda. Bambo a ana anga ankandiseka. "Mayi, tinathawa kwathu ndi sutikesi imodzi, inu mwabwera kudzasunga nyansi kuno?" Ine ndinkangoti asiyeni, sakukudyerani kanthu.

Ndiye bambowo anawaitana ku intavyu ya ukalaliki pa kampani ina yonyamula katundu. Munthu anali mphunzitsi kwathu, kuno ali khale pakhomo, moti akanalephera pamenepa kaya tikanalowera kuti ndi ana. Jekete tinabwereka kwa abambo ena a kutchalitchi, chimunthu chachitali, manja a jeketelo kufika m'mawondo. Akazi awo ndi aja ankaimba kuposa limba, koma imeneyo ndi nkhani ina. Madzulo ndangoti nditenge singano ndipinde manja aja, magetsi anazima, mdima bii. Makandulo m'mashopu anali atatha kalekale.

Ndinaboola chivindikiro cha botolo limodzi la mafuta aja ndi msomali, kupota kansanza ka chitenje, kulowetsa, botolo kulikhazika m'mbale ya madzi kuopa moto. Koloboyi wanga anayaka bwinobwino, ine n'kusoka, bambo kuseka kuja kwatha. Chimene sindinaganize n'chakuti botolo ndinatolalo linali la mafuta okazingira nsomba.

M'mawa jekete linali nsomba yokhayokha. Tinalikupiza pa windo, osatheka.

"Mwandipha, mayi," anatero akutsika masitepe.

Pobwera analowa akuseka. Akuti m'basi mzimayi wina anasamuka pampando, ndipo bwana wa kukampaniko atangonunkhiza anafunsa ngati amagwira mu shopu ya nsomba ndi tchipisi. Iwo anangonena zoona, za botolo ndi kansanza. Bwanayo anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti nayenso kwake akudyera mumdima, ntchito adzayambe Lolemba koma asaiwale kumutengera botolo. Ndinasankha la tchipisi, nditalinunkhiza kaye.

Eni jekete sanatibwerekenso kanthu mpaka anamwalira, ngakhale manja ndinawamasulira bwinobwino.

Mukawerenga mupatsekonso ena, makamaka awa amathira mafuta m'sinki.