Kalongonda wa amayi ndi botolo la ku Joni

Mlongo wanga wamng'ono anachoka pakhomo abambo atamupeza ndi chamba m'thumba la yunifolomu. Abambo anali mkulu wa mpingo kwathu, m'mudzi wina kuseri kwa Nsanama, ndipo pa nkhani ya fodya wamkulu sankadziwa zokambirana. Sanamumenye. Anangonena kuti pakhomo pawo sipagona munthu wosuta, ndipo ngakhale mudzi ndi wa amayi, ngakhale amalume anayesa kuyankhulapo, mawu a abambo ndi amene anaima. Mnyamatayo ananyamulako katundu pa depoti ku Liwonde, kenaka anatsatira anzake ku Joni.

Zaka zinapita. Ine ndinayamba kuphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera ku Balaka, ndipo foni yanga ndi imene inkalumikiza anthu awiri amene sankalankhulana. Mlongo wanga anali atasiya kusuta kalekale, akugwira ntchito yosamalira maluwa m'mipanda ya anthu. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kubwera pa Khirisimasi n'kukagona m'nyumba ya makolo ake. Ankandifunsa mwezi ndi mwezi ngati mtima wa ababa watsika, ine ndinkayankha kuti tidikire.

Chaka china nyamakazi inawagwira abambo m'mawondo. Kumunda ankapita ndi ndodo, tulo ankapeza mwa apo ndi apo. Mlongo wanga atamva, anatumiza kabotolo kudzera mwa dalaivala wa lole. Kanali kabulawuni, kotalika ngati chala, kokhala ndi kampira kodonthetsera. Pachipepala chake panali zilembo zitatu, CBD, ndi chithunzi cha tsamba limene mwana aliyense wa ku Machinga amalidziwa.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

“Iwe, wapenga? Ukutumiza tsamba limeneli kwa ababa?”

“Iyayi achemwali, werengani kaye. Mafuta amenewo saledzeretsa. Agogo amene ndimawagwirira ntchito amamwa tsiku lililonse, ndiye amapemphera kuposa ababa.”

Ndinawerenga, chifukwa mphunzitsi sakonda kuuzidwa ndi wosamalira maluwa. Ankanena zoona. Mu chamba muli zinthu zambiri, koma zotchuka ndi ziwiri. China amachitcha THC, ndicho chimazunguza mutu, kufiiritsa maso, kuseketsa munthu popanda choseketsa kapena kumupatsa mantha opanda gwero. Chinzake ndi CBD, chimene sichiledzeretsa. Ena chimawapatsa tulo, ena amati chimachepetsa ululu, ngakhale pa za mawondo ndinapeza kuti odziwa sanagwirizane. Mafuta a m'botolomo anachokera ku mtundu wa chamba umene uli ndi choledzeretsacho chochepa kwambiri. Chamba cha kwathu kuno, chimene anyamata amabisa pakati pa nandolo, ndi chosiyana: chinatchuka chifukwa cha ukali womwewo.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinanyika botolo m'madzi kuseri kwa khitchini, n'kumakanda chipepala ndi chikhadabo. Amayi anandipeza ndili pa ntchito imeneyi. Anayang'ana tsamba limene linali lisanachoke, anandiyang'ananso ine.

“Ndi a chamba, amama,” ndinatero, “koma anachotsamo chozunguza mutu.”

“Ngati kalongonda?”

“Eya, ngati kalongonda.”

Ndinavomera chifukwa ndinkathamangira minibasi. Makolo a amayi anachokera ku Mozambiki, ndipo kalongonda kwathu si chakudya chachilendo. Ndi nyemba zimene ukaziphika mothamanga zimakuzungulitsa mutu ndi kukusanzitsa. Umaziwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, tsiku lonse mpaka madzi atayera. Amayi anali katswiri wa zimenezi. Palibe munthu amene anadwalapo ndi kalongonda wa m'manja mwawo, ndipo ankanyadira.

Abambo anayamba kulandira madontho m'phala la m'mawa. Sindinganene kuti mafutawo anawachiritsa. Mwina zinangokumana ndi kutha kwa nyengo yozizira. Koma anayamba kugona bwino, ndodo ankaiiwala pakhonde. Tsiku lina ndili konko anafunsa amene anagula mankhwalawo, ndipo nditawauza kuti ndi mwana wawo wa ku Joni, anati:

“Ndiye kuti nzeru zabwerera. Umuuze abwere pa Khirisimasi.”

Nditamuuza, mlongo wanga analira pa foni ngati mwana. Inenso ndinasangalala, ndipo ndinadziona wochenjera.

Botolo linatha mvula isanagwe. Ululu unabwerera, ndipo amayi sanafune kuvutitsa mwana amene ankasunga ndalama ya ulendo. Anapita pa msika wa Nsanama, anafunsa mwakachetechete kwa wakabaza wina, nabwera ndi kampukutu ka chamba m'chitenje pansi pa tomato. Anawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, monga amachitira nthawi zonse. Madzi atayera anati ukali watha. Ndiye poti a m'botolo aja anali mafuta, zotsalazo anazitenthetsa m'mafuta ophikira, n'kusefera m'kabotolo komweko. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ngakhale mwambiwu ukundiyenera ine kuposa iwo. Choledzeretsa cha mu chamba sichisungunuka m'madzi. Chimasungunuka m'mafuta, ndipo moto ndi umene umachidzutsa. Amayi anataya fumbi ndi fungo basi.

Lamulungu m'mawa anathira m'phala. Poganiza kuti mankhwala opanga okha ndi ofooka, anathira supuni yonse.

Ine kunalibe, ndinamva kwa amayi ndi kwa ena ambiri amene sindinawafunse. Chamba chodya sichifulumira ngati chosuta. Abambo anayenda bwinobwino mpaka kutchalitchi, anaimba nyimbo ziwiri, anaimirira kuti awerenge mawu. Anawerenga ndime yoyamba, anaibwereza, anaibwerezanso. Kenaka anayamba kuseka. Munthu amene ana ankathawa akamva kutsokomola kwake anaseka mpaka misozi, atagwira gome. Kuseka kutatha kunabwera mantha. Ankati mtima ukufuna kutuluka, denga likutsika, ndipo anakhala pansi pa simenti akuitana amayi. Ena anati ndi sitiroko, ena ziwanda. Anyamata a kumbuyo, amene amadziwa maso ofiira, anangoyang'anana. Kuchipatala anawagoneka mpaka madzulo, n'kuwafunsa chimene anadya.

Ndinafika Lolemba. Amayi anali ataulula kale zonse, maso atatupa. Abambo anali pampando pansi pa mtengo wa mango, ali bwinobwino, kungoti milomo youma. Ndinawafotokozera monga ndimachitira m'kalasi, mwinanso bwino kuposa pamenepo. Anamvetsera osandidula.

“Ndiye ukuti m'tsamba limodzi muli zinthu ziwiri. Mwana uja anatumiza chosaledzeretsa. Amako anaphika choledzeretsa.”

“Ndi choncho, ababa.”

“Iye sanalakwe.”

“Sanalakwe. Wolakwa ndine, amene ndinachotsa chipepala.”

“Ndamva,” anatero.

Anamvadi. Pa ophunzira anga onse palibe amene anagwirapo phunziro msanga chotero.

Lachitatu akuluakulu a mpingo anabwera kudzamva chimene chinachitika. Ndinali m'chipinda, chitseko chili chotsegula. Abambo anawauza kuti anamwa mankhwala amene mwana wawo wa ku Joni anatumiza, osadziwa kuti ndi a chamba. Anawaonetsa kabotolo. Za msika, za wakabaza, za mafuta ophikira sanatchule. Akuluakulu aja anapukusa mitu, anati mwana wotere ndi mtanda, anapemphera, n'kuwauza kuti apume milungu iwiri kenaka abwerere pa udindo.

Atachoka ndinatuluka mwaukali.

“Ababa, mwanama.”

“Ndi mawu ati amene ndanama?”

“Mwasiya theka.”

“Ndasiya amako. Ukufuna anthu amve kuti mayi wa chigwirizano anakagula chamba pa msika? Apolisi amve? Amako pano ndi pawo, madzi amatunga pa mjigo womwewu, adzaikidwa pompano. Uja ali kutali, mawu samupeza. Ndiponso dzina lake linada kale.”

“Nanga Khirisimasi?”

“Chaka chino ayi. Akabwera n'kugona muno, anthu adzafunsa chifukwa chake ndamulandira.”

Amayi anali pakhomo la khitchini, akumva zonse. Anabwerera ku mphika wawo. Inenso sindinapite kwa akuluakulu aja kukawonjezera theka linalo, ngakhale nyumba zawo ndinkazidziwa. Pofika Loweruka nkhani inali m'kamwam'kamwa kuyambira pa mjigo mpaka pa msika, kuti wa chamba uja anafuna kupengetsa bambo ake pobwezera.

Ndikunyamuka, abambo anandiperekeza ndi ndodo yawo mpaka pamsewu, chinthu chimene sankachita. Tinaima kudikira minibasi ya ku Liwonde. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

“Aja enieni aja, a m'botolo loyamba. Angapezekenso?”

Ndinatha masiku anayi ndisanaimbe ku Joni. Nditaimba ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko, osabisa mbali yanga. Mlongo wanga sanandidule. Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene anali.

“Ndiye kumudzi akuti ndine ndinachita?”

“Eya.”

“Ababa akudziwa kuti si ine?”

“Akudziwa.”



“Tikiti ndinagula kale,” anatero. “Ndikaigulitsa. Mabotolo abwera awiri ndi dalaivala yemwe uja. Koma achemwali, muwauze amama kuti akatsala pang'ono kutha azinena. Ine ndizitumiza.”